Lachiwiri ku Holo ya Tauni

Seveni koloko isanakwane ndimakhala nditafika,
chipale chikusungunuka pa nsapato zanga,
kudzamangirira foni yakale ya mwana wanga
pa chitsulo cha miyendo itatu, umodzi wothyoka,
wochirikizidwa ndi buku la malamulo a tauni.
Bukulo ntchito yake yeniyeni ndi imeneyi.

Khonsolo inatipatsa madola mazana awiri.
Tinagula maikolofoni imodzi, waya wautali,
ndi selotepi yakuda yomwe yatsala pang'ono kutha.
Maikolofoniyo imayenda patebulo dzanja ndi dzanja,
koma a Thiessen, meya wathu, amaiwala kuti ilipo,
ndipo akutali amangoona milomo ikutafuna mphepo.

Kuno ku Saskatchewan, misewu ikatsekeka mu Januwale,
makhansala amabwera ngati timabokosi pa laputopu.
Gord Fehr ali m'khola la ng'ombe, chipumi chokha chikuoneka.
Marlys ali m'khitchini, galu akukanda chitseko kumbuyo kwake.
"Mukundimva?"
"Tikukumvani."
"Mukundimva?"
Mawu amapita, amasochera, amabwerako mochedwa
atatopa, atataya mchira panjira.

Pakona pa sikirini pali nambala: oonera atatu.
Mmodzi ndine. Wina ndi mayi Lindqvist ku nyumba ya okalamba,
omwe mawa lake amaimba kudandaula kuti chithunzi chinapendekeka.
Wachitatu sindimudziwa.
Ndi iyeyo amene ndimamupukutira galasi la kamera.

Usiku umenewo nkhani inali ya kalavati
wa pamsewu wopita ku nkhokwe za tirigu.
Orest Hnatiuk analowa mochedwa,
ali ku chipatala cha mumzinda, ndevu zosameta,
nyali yoyera ikumuwalira padazi.
Anati kalavatiyo akonzedwe chipale chisanasungunuke,
anaponya voti yake, nagoneka foni pampando.
Anaiwala kutseka mawu.

Tinaona denga lokha. Kenako tinamva
kulira kwa makina owerenga mtima,
supuni ikugunda kapu,
ndi mawu ake, osati aja amakanganira nawo misonkho,
ena, omwe zaka zonsezi anatibisira:
"Imwako pang'ono, Halyna. Kamodzi kokha.
Ndili pompano."

Meya anaima pakati pa chiganizo.
Gord anavula chipewa m'kholamo.
Chala changa chinali pa batani
koma chinauma ngati mpopi wa panja m'chisanu,
ndipo ndinachedwa. Masekondi makumi anayi.
Nditatseka, holo yonse inangoti zii,
kupatula paipi yotenthetsa chipinda,
yomwe imagogoda osaona nkhope.

"Mfundo yachisanu ndi chimodzi," anatero meya akutsokomola,
ndipo kwa nthawi yoyamba anakumbukira maikolofoni.

Khonsolo inagwirizana kalekale
kuti zojambula zisungidwe zathunthu, osachotsa kanthu,
kuti wina asadzanene kuti tinamubera mawu.
Ndinalemba ndine mfundo imeneyo, ndi dzanja langali.
Anthu atapita ndinatsala ndi mipando yopinda,
fungo la khofi wopsa, ndi laputopu ikupuma mwaphuma.
Ndinamvetsera kamodzi. Sindinabwereze.
Ndinadula masekondi aja,
m'kaundula ndinalemba kuti netiweki inavuta.
Angatsutse ndani? Imavuta sabata ndi sabata.

Kunja galimoto yanga inakana kawiri isanalire.

M'mawa mayi Lindqvist anaimba.
Ndinakonzekera za chithunzi chopendekeka,
koma anangofunsa nambala ya chipinda cha Halyna,
ndi ngati kuchipatalako amalola maluwa.

Wachitatu uja sanaimbe.
Lachiwiri lotsatira nambala inali pomwepo, atatu.
Kabokosi ka Orest kanali kakuda, dzina lokha likuwala,
ndipo palibe anafunsa kuti mukutimva.
Ndinagwada pansi pozizira,
ndinasuntha buku la malamulo pang'ono
mpaka tebulo linawongoka.